Simukumba, Mwana wa Velina

Fumbi la chilimwe m'mapiri a ku Dowa silidikira mphepo. Limadzuka lokha, limayenda lokha, limalowa m'nyumba ngakhale chitseko chili chotseka. Lili pamasamba a mango, lili pamisana ya mbuzi, lili m'kamwa mwa aliyense woyasamula. Dzuwa likafika paliwombo mudzi wa Kansonga umayera mbee, malata ali ng'aning'ani, udzu wa padenga uli gwaa, ndipo kumwamba kulibe ngakhale kamtambo koti munthu n'kunamizira mvula.

M'nyumba ya kumapeto kwa mudziwo munali mdima bii, ndipo mumdimamo munali Velina ndi khanda lake lalimuna. Anali m'chikuta, masiku aja amene mayi amabindikira ndi mwana kudikira kuti mchombo ugwe. Kuwala kunkalowera pakabowo ka padenga, kamzere kamodzi kowonda, fumbi likuvina m'menemo. Velina ankayang'ana kachifuwa ka mwanayo kakukwera, kakutsika, kakukwera, kakutsika. Kudya ankadya maso ali pomwepo, kugona ankagona ndi diso limodzi.

Mantha akewo sanali opanda pake. Iyi inali mimba yachinayi, koma kumsana kwake kunali kusanagonepo mwana. Woyamba anabadwa ali zii. Awiri otsatira analira, anayamwa, kenaka anabwerera mchombo usanagwe. Mwana wotero kumeneko samuyesa maliro, amati ndi nthayo. Nthayo alibe dzina, alibe bokosi, alibe nyimbo. Amuna sapitako. Amayi okhaokha amatenga makasu dzuwa likuswa mtengo, n'kukakumba kadzenje kosaya m'mphepete mwa manda, pansi pa misuku, poti ukakumba mozama akuti wakwirira ndi mimba ya mayi yomwe. Komanso nthayo salira. Misozi, akutero eni mwambo, imatseka njira ya wina wobwera. Nyumba ya Velina ili kufupi ndi mandawo. Katatu konse anamva makasu akugunda nthaka youma, khu, khu, khu, ndipo katatu konse anameza kulira mpaka kukhosi kutupa. Amayi a m'mudzimo ankamutama kuti ndi wolimba mtima. Iye kutamidwako ankadana nako koopsa.

Tsono Okutobala ndi mwezi wa makasu. Kukangoti mbee, mudzi wonse uli m'minda kuunga mizere mvula isanabwere. Kuseri kwa nyumba khasu, kutsidya kwa dambo khasu, kumunda kwa apongozi khasu. Kwa ena onse kumeneko kunali kulima basi. Kwa Velina, khasu lililonse likagunda pansi mtima unkadumpha, manja n'kuthamangira pa mwana. Tsiku lina anatopa nako kunjenjemera. Anatembenukira kukhoma kumene kunkachokera phokosolo, mano ali gwa, n'kunong'ona kuti simukumba. Khasu linagundanso, iye anabwerezanso. Simukumba. Uyu yekha ayi, simukumba. Pofika madzulo mawuwo anali atasiya kupita kwa amayi a makasu aja. Ankawanena akuyang'ana mwana, mwanayo n'kumagwedeza timilomo take ngati akuvomera.

Dzina limenelo kunalibe m'mudzimo, kunalibe m'midzi yoyandikana, ndipo sindikhulupirira kuti mukanalipeza ngakhale mukanayenda mpaka kumsika wa Mponela. Maina ochuluka kumeneko ndi odandaula. Mutaima pamjigo n'kufuula kuti Mavuto, atembenuka anyamata angapo ndi galu yemwe. Masautso aliko, Tsoka aliko, Masiye ndiye osanena. Koma pali mtundu wina wa maina, osungira ana obadwa pambuyo pa nthayo. Amenewo ndi maina onyoza: Nyansi, Chidothi, Manda, Tayani. Nzeru yake ndi yakuti imfa ikamadutsa imve dzinalo, iganize kuti kamwanako eni ake alibe nako ntchito, ipitirire. Kaya imfa ndi yopusa chotero, ine sindidziwa. Chimene ndidziwa n'chakuti a Chidothi alipo ndithu, ndi nkhalamba ya imvi mbuu, ndipo zidzukulu zawo zimawaitana dzina lomwelo popanda woseka.

Wotcha maina m'banja limenelo anali a Nachanza, azakhali a Gelesomu, mwamuna wa Velina. Mayi wamtali, wouma, wa mawu ochepa. Ndiwo ankatsogolera makasu ulendo uliwonse, ndiwonso ankamugwira Velina pakamwa kuti asalire. Sanali munthu wankhanza ayi, ndipo apa tisawanamizire. Iwonso anali ndi awo pansi pa misuku ija, a kalekale, amene sankawatchula. Anali atasankha kale dzina, ndipo poti m'mudzi mulibe chinsinsi, linafika m'chikutamo pamodzi ndi phala la m'mawa. Mwanayo adzakhala Tayani.

Velina analilawa dzinalo pakamwa, linamuwawa ngati ndulu. Anadziona ataima pakhomo madzulo akuitana mwana wake kuti adzadye, Tayani, Tayani, mudzi wonse ukumva. Anadziona akumusambitsa, akumuyamwitsa, akumuperekeza kusukulu, pakamwa pake pakutuluka lamulo lomwe lija limene linamulanda atatu. Anataya kale iye, anataya mokwanira. Koma Velina anali mtengwa, wochokera ku Ntchisi, wokhala pamudzi wa eni. Mtengwa amaphika, amatunga, amabala, koma dzina la pamchombo satcha. Amangolandira ndi manja awiri n'kuthokoza.

Mchombo unagwa. M'mawa mwake amayi anabwera ndi dothi lakuda kudzazira nyumba, analimeta khandalo tsitsi la m'chikuta, analisambitsa, analimanga kamkuzi m'chiuno. Atatero anatsegula chitseko, kuwala n'kukhuthukira m'nyumbamo waa. Velina anatuluka maso ali tsinzinitsinzini, nakhala pamphasa pakhonde. Kunja kunali kotentha, kunali kouma, kunali fungo la lupsa lochokera kumapiri. Chakumpoto, kwawo ku Ntchisi, kunali kamtambo kamodzi kakuda bii, kakutali, kosalonjeza kanthu. Amayi anakhala mozungulira mphasa. Gelesomu anakhala payekha panjerwa pansi pa mango, chipewa chili pabondo, poti mwamuna sayandikira mwana asanamutche dzina.

A Nachanza analandira mwanayo, anamuonetsa kum'mawa, anamuonetsa kumadzulo, anakonza kukhosi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mawu asanatuluke, Velina anawatsogolera.

"Dzina ali nalo kale, azakhali. Ndi Simukumba."

Wina anagwira pakamwa. Wina anayang'ana kumanda msangamsanga ngati kuti kumeneko kuli khutu. A Nachanza sanakalipe. Analankhula motsitsa, monga alankhulira munthu ndi wodwala malungo. Anamukumbutsa kuti khanda ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Anati imfa saitambasulira chifuwa, saiuza zochita, amaizemba chozemba. Anati dzina lotero ndi kuika mwana pamphambano n'kumuloza chala. Anati iwo anaona zambiri, ndipo mawu a akulu akoma akagonera. Amayi onse anavomera ndi mitu, poti zonsezo zinali zoona monga mmene anazilandirira kwa amayi awo.

Mantha Velina anali nawo, tisabise, ochuluka kuposa a wina aliyense pamphasapo, pakuti mwanayo anali wake. Mumtima munkamufunsa kuti nanga akuluwa akakhala kuti akunena zoona, udzaloza yani? Koma pansi pa manthawo panali mkwiyo wa zaka zambiri, wouma ngati nthaka ya mwezi umenewo. Anali atazemba katatu. Anakhala chete pamene anamuuza kuti akhale chete, anamwa zimene anamupatsa kuti amwe, anasala zimene anamuuza kuti asale. Imfa sinapusitsidwe ndi kamodzi komwe.

"Nanga akapita, mwana wanga?" anafunsa a Nachanza. "Udzati chiyani?"

"Akapita apite ndi dzina loti ndikhoza kulilira," anayankha Velina. "Tayani ndingamulire bwanji, ine mwini nditanena kuti tayani? Uyu watuluka, dzuwa lamuona. Akafa akumbe amuna, akumbe mozama, ndipo ndidzalira mpaka ku Ntchisi amve. Koma inu ndi makasu anu aja, ayi. Simukumba."

Mphepo inadutsa ndi kamvuluvulu kake, inanyamula makoko a chimanga, inawazunguza pabwalo, inawasiya. Mwana anayetsemula. A Nachanza anaona kuti kwa mtengwayu mawu atha, natembenukira kumtengo wa mango. Anamuitana Gelesomu ndi dzina, namuuza kuti mudzi ndi wake, magazi ndi ake, aweruze yekha ngati mkazi wobwera angatche dzina pakhomo la eni.

Gelesomu ndi munthu amene mungakhale naye chaka osadziwa kuti mawu ake ndi otani. Amakonza njinga pamsika, amabwera, amadya, amagona. Anthu ankati mkazi wake akamataya ana iye sizimukhudza, poti sankaoneka kusintha nkhope. Anaimirira pang'onopang'ono, anasasa fumbi kuthalauza, anayenda mpaka pamphepete pa mphasa pamene mwamuna safika. Maso ake anali psuu.

"Atatu aja sindinawaone nkhope, azakhali," anatero. "Ndi pamene anagona pomwe simunandionetse. Ndimangodutsa pamisuku paja osadziwa ngati ndikuponda wanga." Anatambasula manja ake akuda ndi girizi. "Ndipatseni Simukumba ndimunyamuleko."

A Nachanza anamuyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana mwanayo, anayang'ana manja aja ali tambasu, osabwerera. Dzinalo sanalitchule, ndipo sindinama kuti analikonda. Koma mwanayo anamupereka.

Gelesomu anamunyamula mmene anyamulira amuna osazolowera, zigongono zili m'mwamba, mpweya ataugwira. Analitchula dzinalo kamodzi chapansipansi, kuliyesa. Analitchulanso kachiwiri mokweza, moti amene ankaunga mizere kuseri kwa nyumba anaimitsa makasu n'kusuzumira.

Apo m'pamene chinthu chija chinali pakhosi pa Velina chinaphulika. Sanalire mwaulemu ayi, sanafunde chitenje kumutu. Analira chokweza, masana dzuwa lili phwee, nkhope atalozetsa kumisuku. Analirira woyamba amene sanalire n'komwe, analirira wachiwiri amene ankayamwa mwaukali, analirira wachitatu amene anabadwa ndi tsitsi lambiri. Analira maliro atatu pa tsiku la chikondwerero, wamoyo ali m'manja mwa bambo wake. Mayi wina, mwachizolowezi, anadzuka kuti akamutseke pakamwa. A Nachanza anamugwira mkono, namukhazikanso pansi.

"Musiyeni," anatero, mawu ali osasa. "Alirireko ndi anga omwe."