Chingwe cha a Jeremiah

Felesiya anapsa mtima galimoto asanaigule n'komwe.

Zinayamba Lamulungu kutchalitchi ku Mitundu, nthawi ya zolengeza. Alamu ake a Jeremiah, akulu awo a mwamuna wake, amenenso ndi wapampando wa komiti ya maliro, anaimirira, n'kukonza jekete, n'kuuza mpingo wonse kuti mavuto a mayendedwe atha. "Ambuye atikumbukira. Sabata ino banja lathu likutenga galimoto yaikulu. Zomakagwadira lole ya a Lackson maliro akagwa, zija zatha."

Anthu anaomba m'manja, amayi ena mpaka nthungululu. Felesiya anacheuka kuyang'ana mwamuna wake Efulemu. Efulemu anali kalikiliki kufunafuna nyimbo m'buku, nyimbo yoti palibe anaitchula.

Banja lathu, eti. Zaka sikisi Felesiya wakhala akupuma fungo la feteleza m'shopu yake ya pa Mitundu, kunyamula matumba mpaka msana kulira, a Jeremiah osabwerapo ngakhale kudzamugwirira chitseko. Galimotoyo ankaifunira mayi ake. Mwezi uliwonse mayiwo amapita kuchipatala ku Nkhoma za mawondo, ndipo ulendo wake ndi maminibasi atatu, kukwera, kutsika, wina kukuponda, kondakitala kukuika ndowa ya usipa pamiyendo. Ulendo watha anafika kunyumba akulira ngati mwana. Ndiye Felesiya ankafuna yayitali, yoti isamakhule pansi m'misewu yakumudzi, ya mipando seveni: iyeyo, Efulemu, ana atatu, mayi ake kutsogolo atatambasula miyendo, ndi mpando umodzi wongokhala wopanda munthu, chifukwa ndi wake.

Ankadziwanso zomwe zimachitika galimoto ikangonyamula bokosi kamodzi. Ya ahedi a pasukulu pa Efulemu inayamba choncho. Pano mwini wake amapita kuntchito pa kabaza, galimoto ili kumanda.

Lachitatu m'mawa anapita pa siteji kuti akwere ulendo wa ku Nathenje, kumene kunali wogulitsayo. Anapeza a Jeremiah atakhala kale mu minibasi, mpando wakutsogolo, chipewa pabondo.

"Ndinawauza tsiku lokha," anatero Efulemu chapansipansi. "Nthawi sindinawauze."

"Bambo a Blessings, musandiyankhule mpaka tifike."

Wogulitsayo anali Wahabu, wa shopu ya matayala ndi masipeya pa Nathenje, amene amaitanitsanso magalimoto ku Japan. Anawatengera kuseri kwa shopu n'kuvundukula tenti. Inali yotuwa ngati phulusa, yayitali, yonenepa, magalasi ali nyezinyezi. Felesiya anaigwira pa boneti ndipo mkwiyo unayamba kutsika. Anatsegula chitseko chakutsogolo, n'kukankhira mpando m'mbuyo mpaka unatha, n'kuona malo a miyendo. Mayi ake akanatha kugonapo.

"Injini yake ndi yotani?" anafunsa Efulemu, manja kumbuyo, ngati akayankhidwa amva.

"Injini ilipo, aphunzitsi," anatero Wahabu. "Madamu, onani izi. Mipando yakumbuyoyi mukakoka apa imagona yonse, pamakhala ngati bedi."

Apo m'pamene a Jeremiah anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa chingwe cha sisalo, chokulungakulunga, chokhala ndi mfundo zitatu. Anatsegula buti okha, osapempha, n'kuyamba kuyeza.

"Alamu, chingwecho n'cha chiyani?"

"Musadandaule mlamu, ndabwera wokonzeka. Mfundo yoyambayi ndi mbuzi. Yachiwiriyi belo la fodya." Anakoka chingwe mpaka kumapeto. "Yomalizayi ndi bokosi. Ndinayeza pa ine ndemwe, poti pamtundu pathu wamtali ndine. Ndikakwana ine, aliyense akwana."

Felesiya anamva makutu kutentha. Galimoto yake, yoti ana sanaionebe, mapepala apulasitiki akadali pamipando, munthu akuiyeza maliro. Anayang'ana Efulemu. Efulemu anali atagwada, akuwerenga zolemba za pa tayala.

"Alamu, galimoto iyi ndi yopititsira mayi anga kuchipatala."

"Inde, inde, mwezi kamodzi. Nanga masiku enawo izingokhala? Anthu adzati chiyani, maliro akuyenda pa ngolo, galimoto ili pakhomo? Ndiponso ndandanda ndalemba kale. Loweruka pali chiliza ku Malingunde." Anaika mfundo yomaliza pakhomo pa buti n'kumwetulira. "Yakwana. A Wahabu, tatenga."

Wahabu anakanda ndevu. Ndi munthu wosafuna kuti katundu abwerere. "Bambo, chingwe chanucho chapinda apa pampando. Bokosi ndi thabwa, silingapinde. Ine sindikufuna mudzabwere kudzandinena."

"Yakwana ndanena."

Felesiya anali atatsegula kale pakamwa kuti alankhule mawu oti sakanabwezeka. Koma anayang'ana chingwe, anayang'ana alamu akewo kuyambira kunsapato mpaka kudazi, n'kutseka pakamwa. Atatsegulanso, mawu anatuluka ofewa ngati a mkwatibwi.

"A Wahabu akunena zoona, alamu. Tisachite manyazi tsiku la maliro anthu atasonkhana. Poti muyeso ndi inuyo, tagonanimo tione ngati chitseko chitsekeke."

A Jeremiah anazengereza pang'ono. Koma munthu amene walengeza kutchalitchi sabwerera. Anavula nsapato, anapatsa Efulemu chipewa, n'kukwawira mkati. Anagona chagada, jekete atamanga mabatani.

"Wongokani, achimwene," anatero Efulemu, amene tsopano anapeza ntchito. "Manja muike pachifuwa, zigongono zikugunda m'mbali."

Felesiya anatseka buti. Inatsekeka bwinobwino.

"Mwaona?" anatero mawu ochokera mkati.

"Taona. Koma musadzuke, tione ngati simusuntha pa mahampu. A Wahabu, makiyi."

Laisensi m'banjamo ali nayo ndi Felesiya. Efulemu anakwera kumbali, chipewa cha akulu ake pamiyendo, Wahabu n'kutsala pageti. Felesiya analowa mu msewu waukulu pang'onopang'ono, liwiro la munthu woyenda pansi. Kenako anadina kabatani kofiira ka pakati, mahazadi n'kuyamba kuphethira mbali zonse.

"Mayi a Blessings, mwayatsa chiyani?"

"Ndikuyesa mabatani. Galimoto sugula osayesa mabatani."

Aliyense amadziwa tanthauzo la galimoto yaikulu yoyenda pang'onopang'ono mahazadi akuphethira. A kabaza anatsika panjinga. Bambo wina wootcha chimanga anavula kapusi. Minibasi ya ku Dedza inapatuka n'kuima. M'mbuyomo a Jeremiah anali atatsinzina chifukwa dzuwa linkawalasa m'maso kudzera pagalasi, ndipo kunena zoona, kamphepo kozizira ka m'galimotomo kankawakomera.

Pa hampu ya pamsika Felesiya anaima kuti ngolo idutse. Pomwepo panali Elube, wa kwaya ya amayi ku Mitundu, amene Lachitatu amagulitsa tomato pa Nathenje. Anaona Efulemu kutsogolo, nkhope ili gwa, chipewa chodziwika chija pamiyendo. Anasuzumira pagalasi lakumbuyo. Anaona wapampando wa komiti ya maliro ali tasa, maso otseka, manja pachifuwa, mapazi m'masokosi.

Beseni la tomato linagwa. Koma foni sinagwe.

Felesiya anakatembenukira kutsogolo kwa msika n'kubwerera, osathamanga. Asanafike kwa Wahabu, foni ya a Jeremiah inayamba kulira m'jekete. Anaisiya. Inaliranso. Kachitatu anayankha ali chigonere.

"Halo. Ndani akulira kumeneko? Mayi a kunyumba? Mwatani? Ndani wamwalira?" Anatsegula maso. "Ine?"

Anadzuka mofulumira mpaka dazi linagunda denga.

Pofika kuseri kwa shopu, chithunzi chinali chitazungulira kale pa gulupu ya mpingo, ya kwaya, ndi ya alimi a fodya. Achiwiri awo mu komiti anali atalemba kuti amuna akumane kumanda mawa m'mawa ndi makasu. A Lackson anali atalonjeza lole, ulere, ati malemuwa ngakhale ankawanyoza anali munthu. Mayi wina analemba kuti ankaona kale kuti Lamulungu nkhope yawo sinali bwino.

A Jeremiah anaima m'masokosi pafumbi, foni kukhutu. "Ndili moyo. Ndi ine amene ndikulankhula. Ayi, musatulutse mipando panja." Anadula n'kuloza Felesiya. "Mlamu, mwandipha ndili maso."

"Ine ndimayesa galimoto, alamu. Munalowamo nokha. Ndiponso mwakwana bwino, simunasunthe ngakhale pa hampu."

Wahabu anali atalowa m'shopu, koma phwete lake linkamveka pakati pa matayala.

"Galimoto iyi ndi yatsoka," anatero a Jeremiah akuvala nsapato mosemphanitsa. "Yandiitanira imfa. Ine sindidzakweramonso, wamoyo kapena wakufa. Ndipo m'bale wanga aliyense, bola ndili wapampando, sadzanyamulidwa m'menemu. Ndikalengeza Lamulungu."

"Achimwene, mwina tikambirane," anayamba Efulemu. Felesiya anamuponda chala, n'kusiya phazi pomwepo.

"Ngati mwatero alamu, ife ndife ana, sitingatsutse."

A Jeremiah anabwerera pa minibasi. Akuti atatsika pa Mitundu ana asukulu anathawa, ndipo kunyumba anapeza amayi awiri a kwaya atafika kale ndi nkhuni. Lamulungu analengezadi, mokweza kuposa poyamba.

Felesiya sanakhululuke msanga. Sabata yonse Efulemu ankakwera mpando wakumbuyo kwenikweni, wa ana, mawondo ali kuchibwano, ndipo akafunsa ankauzidwa kuti akuyesa mipando. Chingwe chija a Jeremiah anachiiwala mu buti. Felesiya amamangira makatoni a mbewu.

Lachitatu la ku Nkhoma litakwana, anaimika galimoto pakhomo penipeni pa mayi ake. Mayiwo anatuluka ndi ndodo, anaizungulira yonse mwakachetechete, n'kusuzumira kumbuyo.

"Ndi imeneyi inapha a Jeremiah?"

"Yomweyi, amayi."

Anapatsa mwana wawo ndodo, anakwera kutsogolo, n'kutambasula miyendo yonse iwiri mpaka mawondo analira.

"Tiye. Koma pa Nathenje ukaime, ndikamugule tomato Elube. Anataya beseni lonse mwana uja."