Madengu Awiri a Mango

"Ndiye ukuti dengu linalo tingolisiya liwole?" anafunsa Ezelina, manja ali m'chiuno.

"Eya, amayi. Popanda kutero sitidziwa ngati mankhwalawa akugwira ntchito."

Dyna, mwana wake wamkazi, anali atabwera ku Chulu kuchokera ku yunivesite ndi botolo la madzi otuwa. Ankati muli mafuta a nimu otsekeredwa m'timibulu tosaoneka ndi maso, timene timamatirira pakhungu la chipatso n'kumatulutsa mafutawo pang'onopang'ono kuti chuku chisamere.

Ezelina anayang'ana madengu awiri a mango amene anali m'chigafa, momwe malemu amuna ake ankayanikamo fodya. Chaka chimenecho dzina lake silinatuluke pa makuponi a feteleza, choncho mtima wake wonse unali pa mangowa. Koma chaka chilichonse madontho akuda ankawagwira asanafike pamsika.

Anafuna kukana. Kenaka anaona mwanayo akutsegula botolo, nakumbukira mawu ake a pafoni, oti ulendo uno kafukufuku wake akakanikanso asiya sukulu.

"Bweretsa beseni," anatero. "Koma uziviika mwaulemu, si mbatata zimenezi."

Patapita masiku, dengu losaviika lija linada n'kuyamba kununkha. M'dengu linalo ochepa okha ndiwo anali ndi timadontho. Ena onse anali psuu, osalala. Ezelina analulutira, nayamba kufunsa za wakabaza woti amunyamulire kupita ku Kasungu.

"Amayi," Dyna anayankhula chapansipansi, "amenewa sitingagulitse. Ngakhale kudya. Sitinayezebe ngati mankhwalawa ali abwino m'mimba mwa munthu. Ndinaopa kukuuzani."

Ezelina anakhala pansi. Maso ake anapita kumunda, kumene chimanga chinali chitayamba kale kuchita chikasu posowa feteleza.

"Ndakulakwirani," anatero Dyna, misozi ili mbwembwembwe.

"Wandilakwiradi." Ezelina anamukoka, namupukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje. "Ukanandiuza, ndikanakupatsabe. Kungoti ndikanayamba ndadandaula kaye."

Anadzuka, natenga khasu, nakumba dzenje lakuya kuseri kwa nyumba kuti ana a eni ake asadzawatole. Dyna atanyamula dengu la mango oviika lija kuti akhuthule, mayi ake anamugwira mkono.

"Yamba wawajambula. Aphunzitsi akowo aone bwinobwino."

Atatha kujambula, Ezelina anagwada m'mphepete mwa dzenjelo, nayamba kuikamo mangowo limodzilimodzi, osaponya.