Chipata cha Aroma pa Mchenga wa ku Balga

"Adadi, n'chifukwa chiyani chipata cha ankolo Bwalya sichikugwa pomwe mulibe simenti?"

Callista anafunsa zimenezi m'Chingerezi chake cha ku Perth. Bambo ake, a Yosefe, anangosuzumira kuseri kwa mpanda. Kumeneko Bwalya, neba wawo wa ku Zambia wophunzira za mabwinja akale ku yunivesite, anali atamanga chipata chanjerwa chokhota ngati uta. Ankati luso limeneli Aroma anatengera kwa Aetrusika, mtundu wakale wa ku Italiya komweko: njerwa iliyonse imatsamira inzake, yapamwamba pakati n'kuzigwira zonse.

Sanali munthu wofulumira kuweruza, a Yosefe, koma izi zinawadya mumtima. Zaka makumi awiri anamanga nyumba ku Kawale ndi ku Biwi, kwawo ku Lilongwe. Kuno ku Perth mapepala awo a umisiri anawakana, n'kukathera poyendetsa fokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu, ku Kewdale. Ndiye mwana wawo yemwe azitama munthu wa manja osalala, wosadziwa n'kagwiridwe komwe ka mpeni womangira? Tsiku lililonse akaweruka kusukulu, Callista ndi ankolo Bwalya basi, ankolo Bwalya ndi Aroma awo.

Loweruka lina a Yosefe anagula njerwa, n'kuzisema imodziimodzi, n'kumanga chipata nawonso. Chawocho chinali chachitali kuposa cha neba, ndipo anachiika pafupi ndi mpanda kuti chizioneka mbali zonse. Maziko anangopalasa pang'ono, monga ankachitira pa katondo wouma wa ku Lilongwe pomanga kanthu kakang'ono. Anaiwala kuti Balga yense, dera lomwe ankakhalalo, ndi mchenga.

Chinaima masiku atatu. Tsiku lachinayi kunagwa mvula ya mu Julaye, miyendo ya chipata inatangadza, chonse n'kugwera pa mpanda, phwa! Callista anali kusukulu.

Bwalya anatulukira atanyamula kapu ya tiyi.

"Ah, ba Yosefe! Manje mwaganiza zonigwetsela na nyumba yomwe?"

"Pepani aneba. Mpandawu ndikonza."

Bwalya anatola njerwa imodzi, n'kuitembenuza kangapo. "Mwasema mweka izi? Zanga zioneka monga zinalumiwa na galu." Anaseka. "Koma pansi mwaikapo chani?"

"Palibe."

"Iyee! Changa pansi pali konkire yofika mu nkhongono. Na Aroma anali kukumba, mudala."

Nsanje ya a Yosefe inali isanathe, koma tsopano inasakanikirana ndi manyazi. Mwana akabwera apeza mulu wa njerwa, n'kudziwa kuti cha bambo ake ndicho chimagwa.

"Loweruka mundithandize kukumba," anatero motsitsa mawu. "Koma njerwa yapamwamba ndiika ndine, mwanayo akuona."

Bwalya anatambasula dzanja pamwamba pa mpanda wogwawo.

"Nalonjeza, ba neba. Ine nizangokunyamulilani njerwa, kamwa tseke."