Chithunzi cha Olive Pabala

A Nowa, mkulu wa mpingo ku Nambuma, anali m'chigafa akusankha fodya pamene mlamu wawo anawapatsira foni. Pachithunzi panali Olive, mwana wawo wa Fomu 3, atakhala pabala ndi bambo wina wachikulire, botolo la mowa lili m'manja. Chinali chitazungulira kale m'magulu a pafoni, mpaka la amayi a Chigwirizano.

"Alamu, musachedwe nazo," anatero mlamuyo. "Msiyitseni sukulu akwatiwe, manyazi asanakule."

Olive analira, nalumbira kuti chibadwire sanapondeko pabala, koma bambo ake sanamukhulupirire. Nkhope inali yake, yunifolomu inali yake. M'mawa mwake ananyamuka naye kukamufufutitsa dzina kusukulu, iwo patsogolo, mwana m'mbuyo.

Mayi Chikoti, mphunzitsi wa kalasi ya Olive, anapempha kuti aone kaye chithunzicho. Anachikulitsa pafonipo.

"Bambo, tawerengani zala za dzanja lagwira botololi."

A Nowa anawerenga, nabwerezanso. Zinali zisanu ndi chimodzi. Zilembo za pakhoma la balalo nazo zinali zopotokapotoka, zosawerengeka.

"Ichi sichinajambulidwe," anatero mayiwo. "Masiku ano pafoni pali nzeru za makina zoti ukazipatsa nkhope ya munthu n'kuziuza zomwe ukufuna, zimapanga chithunzi cha zinthu zomwe sizinachitike. Lero mwayi wathu zalakwitsa zala. Nthawi zina sizilakwitsa, n'chifukwa chake tizifunsa kaye komwe chithunzi chachokera."

Atafunsa m'kalasi, zinadziwika kuti anachipanga ndi Overton, mnyamata yemwe Olive anamukana chibwenzi. Foni anabwereka kwa mkulu wake ponena kuti akufuna kufunsa makinawo masamu.

"Ndimangocheza, aphunzitsi," anatero Overton atazolika. "Ndinatumizira mnzanga mmodzi yekha."

"Makina omwewo akanakulongosolera masamu omwe amakuvutawo," anayankha Mayi Chikoti. "Iwe waipitsa nawo mbiri ya mnzako, ndipo sukulu yake ikanathera pomwepa. Ukaitane makolo ako. Ukapepesenso m'gulu lililonse momwe chithunzichi chafika."

A Nowa anakhala pabenchi, napumira m'mwamba. Kupepesa mwana sichinali chizolowezi chawo. Anatembenukira kwa Olive, akupotokola chipewa m'manja.

"Mwanangu, unanena zoona koma ine sindinakumvere. Undikhululukire. Lowa m'kalasi, anzako ayamba kale."

Olive anapukuta misozi ndi mkono wa juzi, nalowa. A Nowa pobwerera sanalunjike kuchigafa. Anayamba adzera kwa mlamu wawo, kukamuwerengetsa zala zija.

Phunziro: Nzeru za makina zingathandize ophunzira kumvetsa maphunziro, koma si zochitira chipongwe anzathu. Makolo ndi aphunzitsi, tisaweruze mwana chifukwa cha chithunzi cha pafoni tisanafufuze, ndipo tisatumize kwa ena chinthu chomwe sitikudziwa komwe chachokera.