Voti ya a Tadeyo

Dzina lawo linali Tadeusz, koma ine ndinkangoti a Tadeyo, iwo n'kumaseka. Ndinkawasamalira kunyumba kwawo ku Pollokshields, mumzinda wa Glasgow ku Scotland, masiku anayi pa sabata. Anali ndi zaka 94, manja awo ankanjenjemera, komabe shuga wa mu tiyi wanga ankathira okha.

Tsiku losankha makhansala a mzinda anavala tayi. Ndikuwakankha pa njinga yawo ya olumala popita kukavota ndinati, "Agogo, tikafika mungondinong'oneza amene mukumufuna, ndikulemberani. Kwathu okalamba timawathandiza choncho."

Titafika pakona anati:

"Rosemary, taima kaye."

Ndinaima pansi pa mtengo.

"Kwathu ku Poland bambo anga ankayatsa nyali za mumsewu, ntchito ya khonsolo. Ankandinyamula paphewa, ine n'kumawerenga nyalizo mpaka kumlatho. Zinali zokongola, iwe! Glasgow yakoyi ilibe kanthu."

"Ndi yanunso, agogo."

"Ndabwereka chabe. Ndiye kwathu kuja anthu anasankha khonsolo yawo, boma n'kuithetsa, n'kutumiza munthu wake kuchokera kulikulu. Pa chisankho chotsatira antchito onse anawafoletsa, bandi patsogolo, aliyense atakweza pepala lake m'mwamba kuti mabwana aone amene akumuvotera. Bambo anga lawo analibisa m'jekete. Sabata isanathe anawalanda makwerero oyatsira nyali, ntchito n'kuthera pomwepo."

Anakonza tayi. "Chiyambireni, voti yanga sanaionepo munthu. Ngakhale malemu mkazi wanga."

Ndinachita manyazi, ndinapepesa. Anandisisita dzanja.

Tinavotera muholo ya tchalitchi. Mayi wopereka mapepala anawafotokozera mwaulemu kuti alembe manambala, 1, 2, 3, ndipo anati akafuna awathandiza. Anakana. M'kachipinda kovoteramo pensulo inagwa kawiri. Kachitatu inang'amba pepala, mayi uja n'kubweretsa lina.

A Tadeyo anangoliyang'ana pepalalo. "Mwina chaka chino chindipite," anatero.

"Ndigwireko chigongono chokha," ndinatero. "Maso nditseka."

"Ukasuzumira ndikakunenera kwa abusa ako."

Ndinagwada pambali pa njinga, ndinagwira mkono wawo ndi manja awiri, n'kutsinzina. Poti maso anali otseka kale, ndinayamba kupemphera chamumtima. Ndinkamva mkono ukuyenda pang'onopang'ono, kuima, kuyendanso, pensulo ikukanda pepala.

Kenako pepala linapindidwa kawiri.

"Tsegula, mwana wanga," anatero. "Ndikankhire kubokosi."