Sitendapu Yogwada

Mausi yakufa ya kompyuta ija inali m'manja mwa Nason pamene chitseko cha ofesi chinatseguka, n'kulowa a Langford Mwanza, bambo ake a Godwin, bwenzi langa. Anali atavala jekete lawo lakale la kunjanji, chipewa chili kumutu. Miyendo yanga sinadikire kuuzidwa. Ndinangozindikira ndili pansi, ndagwada pa simenti, manja ali pamodzi.

"Mwauka bwanji, atate?"

"Tauka. Pitirizani, ine ndabwera kudzangoona," anatero, uku akukhala pa mpando wanga.

Tinalipo anayi m'kaofesi kathu ka pakati pa tauni ya Kabwe: ine Anastazia, woyang'anira gulu, kenako Nason, Blessed ndi Mubanga. Tinkalemba pulogalamu ya pafoni yothandiza makiliniki kukumbutsa amayi za sikelo ya ana. M'mawa uliwonse tinkachita kamsonkhano kotchedwa sitendapu. Aliyense amaimirira kuti nkhani zisatalike, ndipo amalankhula ndi yekhayo amene wagwira mausi. Amanena chimene anachita dzulo, chimene achite lero, ndi chimene chikumutchinga. Kuimirirako anzanga aja sikunkawapweteka ayi. Mubanga ankatha kuyamba ndi za seva ya kompyuta n'kukathera ku mpira, tiyi mpaka kuzizira.

Mavuto anga anayambira ku mitapu, msonkhano wa olemba mapulogalamu umene tinkachita Loweruka lomaliza la mwezi. Tsiku lina ndinaonetsa ophunzira a ku yunivesite ya Mulungushi mmene sitendapu imayendera, wina n'kujambula vidiyo. Vidiyoyo inayenda m'mafoni mpaka kukafika kwa amayi a kwaya ku Kasanda, ndipo pofika kwa a Mwanza nkhani inali itamera nyanga. Akuti mtsikana amene Godwin akufuna amaimiritsa amuna andevu pamzere, n'kumawafunsa kumene anali dzulo. Kuchokera pamenepo, Godwin akangotchula zotumiza ankhoswe kwathu, yankho linali limodzi: "Tiona." Mvula inabwera, n'kupita, tikuonabe. Ine ndinkaseka nawo anzanga akamandinyogodola, koma kunena zoona zinkandiwawa.

Tsono apa ndinali pansi, anyamata atatu ali chilili pamwamba panga ngati mapolo a magetsi. Kuimirira pamaso pa apongozi atakhala, sindikanatha. Kuthetsa msonkhano, akanati ndikubisa kanthu.

Blessed anayang'ana ine, anayang'ana mdalayo, kenako anagwada. Mubanga anatsatira. Nason, munthu womvera malamulo mpaka kutopetsa, ananong'ona: "Ba Stazia, koma iyi ni stand-up."

"Gwada iwe," ndinatero mano ali olumana.

Anagwada, laputopu ili kukhwapa.

Abale, simenti ndi mphunzitsi. Nason anati dzulo anakonza tsamba lolowera, lero aliyesa, chomutchinga palibe. Blessed anangoti mameseji ayamba kupita. Mubanga, Mubanga yemwe uja wa mpira, ananena mawu osakwana mpweya umodzi n'kuponya mausi ngati yotentha. Chiyambireni sitinathamangepo choncho.

Koma poti mpando wanga ndiwo unali wotsatira pabwalo, mausi inagwera pamiyendo pa a Mwanza. Anaitola ndi chingwe, n'kuiyang'anitsitsa.

"Ichi n'chotani?"

"Wagwira ndiye amalankhula, mukwai," Nason anafotokoza mwaulemu, n'kuwauza mafunso atatu aja. Ndikanakhala pafupi ndikanamutsina.

Mdalayo anakonza pakhosi. "Dzulo ndinathirira matimati, ndiponso ndinamva zambiri za ofesi ino. Lero ndabwera kudzaona ndi maso anga. Chonditchinga..." Apa maso awo anakaima pa bolodi la pakhoma.

Bolodilo linali ndi mizati inayi: Zodzachita, Zikuchitika, Zatchingika, Zatha. Ntchito iliyonse inali pa kapepala komata, ndipo tinkakasuntha ntchito ikamayenda. Pa mzati wa Zatchingika panali kapepala kamodzi kokha, kofiira, kopindika m'makona chifukwa chokhalitsa. Anamata ndi Blessed, mwanthabwala, ndipo ine ndinali nditasiya kukaona. A Mwanza anavala magalasi, n'kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, ngati kalata yoyamba pa Misa.

"Ukwati wa ba Stazia."

Blessed anayamba kuwerenga nyerere pansi.

"Ndiye ntchito iyi yatchingika," anatero mdalayo. "Chaitchinga n'chiyani?"

Ndinamva minibasi ikuitanira anthu a ku Makululu kunja.

"Pano sitibisa blocker, chotchinga ntchito, mukwai," Nason anathandiza. "Mwini ntchito amaitchula poyera. Ni lamulo la ba Stazia."

Nason ameneyu! A Mwanza ananditambasulira mausi. Ndinayenda ndi maondo kukailandira ndi manja awiri. Ndikanatha kunena kuti ndi nyengo, kapena kuti Godwin watanganidwa. Koma ndine ndinkakalipira anyamatawa tsiku ndi tsiku kuti asamati zonse zili bwino pamene zinthu zaima, ndipo atatu onsewo ankandiyang'ana. Komanso ndinali nditatopa. Ndinaweramitsa mutu.

"Ndinu, atate."

Mubanga anatsokomola ngati wameza fupa. Ine mumtima ndinatsanzikana ndi Godwin, ndi diresi, ndi keke yomwe.

"Ndine," a Mwanza anabwereza, mawu ali phee. "Nanga chotchinga mukachipeza, mumatani nacho?"

"Timachichotsa," anatero Nason.

"Nason!" tinakuwa atatu pamodzi.

"Ni process," anadandaula.

Mapewa a mdalayo anayamba kugwedezeka. Ndinaganiza kuti ndi ukali, kenako ndinaona akuvula magalasi n'kupukuta m'maso. Sanaseke mokweza, a Mwanza saseka pagulu, koma mpando wanga unkalira.

"Kunyumba akuti umafunsa amuna kumene anali dzulo," anatero. "Amayi ake a Godwin akhala akundifunsa funso lomwelo chikwatiraneni, ndipo mausi sandipatsa."

Anadzuka, maondo akuthetheka, n'kuvula chipewa. "Imirirani. Si mwati ndi msonkhano woimirira? Iwenso mayi, imirira."

Ndinaimirira, fumbi lili mbuu pasiketi. Iwo anapita pa bolodi, n'kumatula kapepala kofiira kaja. Dzanja lawo linadutsa pa Zatha, mtima wanga n'kudumpha, koma linabwerera n'kuima pa Zikuchitika. Kapepalako kanakana kumata, guluu anali atauma kalekale. Kanagwa pansi. Anakatola, kanagwanso.

A Mwanza anaima pomwepo, chipewa kukhwapa, chala chachikulu chitakanikiza kapepalako pakhoma.

"Wina abweretse selotepi," anatero. "Ine sindichotsa chala."