Chiliza cha Tsiku la Alendo

Mwamuna wa Lumo anafera kuseri kwa geti lokhoma, kiyi ali m'thumba mwa mng'ono wake wa bere limodzi. Tiyambire pamenepo, pasadzapezeke wonena kuti sanamve. Mng'ono wakeyo ndi kapitawo pa fakitale ya nsapato, ndipo aliyense amamutcha Makiyi. Lumo ndi dzina limene anzake a pamakina anapatsa mayiyu chifukwa cha pakamwa pake.

Pafakitalepo, oda ya ogula akunja ikafika, geti linkatsekedwa mpaka katoni yomaliza itakwera lole. Zitupa za antchito zinkakhala m'kabati ya bwana, ati kuti zisatayike. Anthu ankadyera pamakina n'kugona pamakatoni. Mwamuna wa Lumo ankamata guluu kunsi kwa nsapato, m'kachipinda kopanda zenera, kafungo koluma m'maso ngati tsabola. Chifuwa chinamugwira. Atayamba kulavula magazi anapempha kupita kuchipatala. Makiyi anati achimwene apirire, lole yatsala pang'ono kudzaza, ndipo akatsegulira m'bale wake enawo ati chiyani. Lole inadzazadi n'kutuluka. Mtembo unatsatira pambuyo.

Lumo sanasiye ntchito. Akanapita kuti, chitupa chili kwa bwana, ana akuyang'ana m'manja mwake? Anabwerera pamakina atamanga mpango wakuda, akudikira chinthu chimodzi. Ogula nsapatowo amatumiza anthu awo kudzaona ngati pali wogwira ntchito mokakamizidwa. Alendowo salola bwana kuwasankhira wolankhula naye. Amayenda okha pakati pa makina, n'kuloza amene amufuna, n'kukacheza naye payekha. Lumo ankadziwa kuti munthu wamaso sangadutse mpango wakuda osafunsa kuti wamwalira ndani. Mawu ake ankawayeseza akusoka, milomo ikugwedera, mpaka mnzake wa makina oyandikana anamufunsa ngati wayamba kupemphera m'malilime.

Makiyi analengeza kuti alendo abwera sabata yamawa. Lamulungu lake anatulukira kunyumba kwa Lumo ali ndi amayi ake. Anavula chipewa, anakana mpando n'kukhala pa kandowa, maso pansi. Anati sakupeza tulo. Anati wamulirira bwana mpaka wagula chiliza, ndipo Lachiwiri kampani ipereka galimoto ndi tchuthi kuti akachiike.

"Alamu," anatero Lumo, "chilizacho chili ndi mapapo oti mwamuna wanga apumire?"

Apongozi anagwira manja ake onse awiri. Ndi gogo yemweyu amene anasambitsa mwana woyamba wa Lumo, amene ankamuikira kumbuyo malemu akabwera atalawa. "Mwana wanga, ndinabereka awiri, watsala mmodzi. Tiyeni tikamufunditse bwino mwamuna wanu, mvula isamamumenye ngati analibe abale."

Lumo anavomera. Mumtima anati mwala sutseka pakamwa, alendo akadzabwera adzanenabe.

Kumanda kunali kutali, ndipo dalaivala ankayenda ngati wanyamula mazira. Makiyi sanabwere, anatumiza uthenga kuti makina ena afa. Abusa analalikira mpaka mawu anasasa. Atati atseke ndi pemphero, apongozi anapempha nyimbo ina, ati malemu ankaikonda. Itatha anapempha inanso, kenako inanso. Chiliza chinali chokongola, chosalala, munthu n'kumadziona nkhope. Lumo analira kulira kwenikweni, kumene sanalire tsiku la maliro chifukwa cha mkwiyo. Pobwerera anauza dalaivala kuti akamuthokozere kwa bwana. Anathokoza, ndi pakamwa pake pomwepo.

M'mawa mwake anapeza geti lili pululu. Makoma ankanunkha penti. Kachipinda ka guluu kanali ndi zenera latsopano, simenti yake isanaume n'komwe. Pamakina ake panali ulusi wa mtundu wina, mpando utakwezedwa. Panali patakhala munthu. Mnzake uja anaweramira pansapato ngati singano yamusowa.

"Wakhala pano ndani?"

"Mwana wa mchemwali wa bwana. Anabwera dzulo, Lumo."

"Anabwera ndani?"

"Alendo."

Zina zonse ananena monong'ona. Zitupa anawagawira m'mawa n'kuzitoleranso galimoto ya alendo itangokhota. Mnzakeyo anali mmodzi mwa olozedwa. Anamufunsa ngati munthu amaletsedwa kutuluka, anati ayi. Anamufunsa ngati wina anavulalapo kapena kudwala pantchito, anati sakukumbuka.

"Iwe, si iwe unandigwirira pamene bokosi linkatsika? Wayiwala kale?"

"Ndili ndi ana, mnzanga. Iwe ndiwe unali ndi mawu. Tonse timadalira iwe."

Lumo anakapeza Makiyi akubwezera loko pageti. Sanavule chipewa tsopano. Anati alamu aganize bwino, oda ikanathetsedwa anthu onsewa akanadya chiyani. Anati za mchimwene wake naye zimamupweteka, komatu chiliza chaikidwa, ndi angati amene amaikiridwa chotero. Lumo sanamutukwane, ngakhale kutukwana amakutha. Anangofunsa ngati amayi ankadziwa. Makiyi anakankha loko mpaka linalira, n'kuchokapo.

Tsiku limene geti linatsegulidwanso, Lumo anapita kwa apongozi asanafike kwake. Anawapeza pakhonde akupinda zovala.

"Amayi, nyimbo zija munkaimbira mwana wanu, kapena munkadikira kuti alendo anyamuke?"

Gogoyo anapitiriza kupinda malaya, kolala yake akuiwongola ndi chala. "Wakufa sandigulira mankhwala, mwana wanga. Mukadzakalamba mudzamvetsa."

Kuyambira pamenepo Lumo sanapondeko pakhomopo, ndipo ana ake akafunsa za agogo amawauza kuti afunse zina. Zenera lija analikhomera thabwa, ati fumbi likuwononga guluu. M'kachipindamo muli bambo wina tsopano, ndipo wayamba kale kutsokomola. Lumo akadasokabe, mpango wakuda uli kumutu, ndipo saumasula.

Tsono inu amene mumagula nsapatozi, inu amene munatuma alendowo, musati nkhaniyi yakupitani pambali. Anthu anu anafunsa amene anawapeza. Ndani anafunsa za amene kunalibe? Ndani anauza bwana tsiku, mpaka anapeza nthawi yogula penti ndi chiliza? Akadzabweranso adzayambanso kumuuza iyeyo? Mayiyu sukulu sanapite nayo patali, koma funso akulidziwa, ndipo chisoni chanu sachifuna. Muyankheni.